Thandizeni abale, mayi anga odwala khansa sakufuna kukhala pansi

Wosadziwika: Admin mundibise chonde. Mayi anga ali ndi zaka 67, anawapeza ndi khansa chaka chatha ndipo akukhala kwa ine kuno ku Area 25. Ikamakwana 5 koloko m'mawa agwira kale tsache, kenako ati akayende mpaka kumsika. Ine ndimawaletsa, koma mwana wanga wa ku koleji akuti kuyenda ndi mankhwala. Mlamu wanga, amene chidwalire apongozi ake sanabweretsepo ngakhale nthochi, akufalitsa kumudzi kuti ndawasandutsa wantchito. Achimwene ali ku Joni amangotumiza mavesi pa WhatsApp, thiransipoti ya kuchipatala ndi ine ndekha. Mtsikana wantchito nayenso anathawa ndi ketulo yanga. Ndiwasiye kapena ndizikhoma geti?

Mphunzitsi Wopuma: ASIYENI AYENDE! Anthu inu mumamaliza odwala ndi mkeka. Mu 2025 kunatuluka kafukufuku wotchedwa CHALLENGE, wa odwala khansa ya m'matumbo 889, ambiri a ku Canada ndi Australia. Theka anapatsidwa mlangizi wa mafizo kwa zaka 3, enawo anangopatsidwa timabuku. Patatha zaka 8, pa 100 alionse ochita mafizo 90 anali moyo, kwa enawo 83. Ambiri ankangoyenda ndawala mphindi 45 kapena ola, katatu kapena kanayi pa sabata.

Mayi wa ku Chilomoni: Za azungu izo aphunzitsi. Azakhali anga tinawalola kupita kudimba, anagwa pamzere, mpaka lero abale sitilankhulana. Wodwala azigona basi.

Mphunzitsi Wopuma: Matumbo a mzungu ndi a Mmalawi amasiyana pati mayi? Azakhali amodzi si kafukufuku.

Mayi wa ku Chilomoni: Munawaika ndinu m'manda kapena ine?

Wa Kabaza: Ine nkhani ya ketulo ndiyo yandikhudza. Inali yamagetsi?

Namwino wa Usiku: Achemwali, simunanene chachikulu. Ndi khansa ya chiyani? Kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa aja, anamaliza kapena akadalandira? Inafalikira? Anthu a kafukufuku akunenedwayo anali atachitidwa opaleshoni, atamalizanso kemo. Ngati matenda afika m'mafupa, kapena magazi ndi ochepa, malangizo amasintha. Tiyankheni kaye.

Zitsamba Zenizeni: Ufa wa chammwamba ulipo, bwerani ku inbox.

Mphunzitsi Wopuma: Admin chotsani wakubayu. Pa gulu lino aliyense ndi dokotala, koma kuwerenga ayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita mafizo mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Ine zaka 71, shuga ndilibe, BP ndilibe, chifukwa tsiku lililonse ndimayenda wapansi.

Wopulumuka Khansa ya Bere: Ine anandichotsa bere ndi anabele a m'khwapa. Kemo inkandifoola moti kusamba kokha kunali ngati ndalima ekala. Chodabwitsa, tsiku limene ndazungulira nyumba kangapo ndinkagona bwino, nsima n'kulowa. Koma nditasinja chimanga mkono unatupa, ndiye mtondo musawapatse. Ndipo kusesako mwina n'kumene kukuwachotsa maganizo, munthu wozolowera ntchito ukamukhazika amayamba kuwerenga masiku.

Mphunzitsi Wopuma: Zotupa mkonozo zinatsutsidwa kale mu 2009 ku Pennsylvania. Amayi 141 otupa mkono, amene ankanyamula zitsulo kutupa sikunawonjezeke.

Namwino wa Usiku: Bambo, iwo anayamba ndi tizitsulo topepuka, atavala chomanga mkono, pali wowayang'anira. Musi si choncho.

Mkulu wa Mpingo: Chimene ndaona ine ndi mwana wonyoza mlamu ndi mchimwene pagulu. Mavesi mukuwapeputsawo ndi amene akuwasunga mayi anu.

Wosadziwika: Zikomo nonse. Akulu a mpingo, mlamu wangayo simukumudziwa, pa chinkhoswe changa anabisa nkhuku. Ketulo inali yamagetsi, ya K45,000. Mayiwo poyenda sadandaula, kungoti masabata atatu awa msana ukuwapweteka usiku mpaka kubuula, mwina ndi matilesi.

Namwino wa Usiku: Msana wopweteka usiku kwa munthu wa khansa si wodikira tsiku la sikelo. Pitani nawo mawa ndi buku lawo la kuchipatala, mukanene zimenezi. Miyendo ikayamba dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukavuta, nyamukani usiku womwewo. Za kumsika ziyambe zaima mpaka adokotala awaone, ndipo mukapemphe kuonana ndi a fizo, akatswiri a mafizo a kuchipatala. Ndafunsanso: ndi khansa ya chiyani?

Mphunzitsi Wopuma: Msana umapweteka chifukwa CHOKHALA! Ku America kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anatsata amayi oposa 16,000 a zaka za m'ma 72. Oponda mapazi 4,400 pa tsiku ankafa mochepa kuposa a 2,700. Muwagulire foni yowerenga mapazi.

Mayi wa ku Chilomoni: Munthu akulira thiransipoti, inu mukuti foni.

Wa Kabaza: K45,000? Anakuberani kawiri achemwali, ku Limbe zilipo zotchipa.