Mpira watsopano wa bowling ukungotsetsereka pa oyilo, ndithandizeni

Moni nonse a m'gulu muno, makamaka inu akuluakulu odziwa ten-pin bowling (masewera ogwetsa mapini khumi ndi mpira), ndigawireniko nzeru. Ine ndili ku Johannesburg ndipo ndimasewera mu kaligi kamadzulo, ndiye ndagula mpira wanga woyamba wa reactive resin (mtundu wa chikuto cha mpira chothandiza kuti uzikhota), wa pearl wonyezimira uja, wolemera mapaundi 15, mabowo a zala anaboola a fingertip (olowa nsonga za zala zokha), ndimaponya ndi dzanja lamanja.

Vuto ndi loti akangothira oyilo pa leni (kanjira koponyapo mpira) mpirawu ukungotsetsereka osakhota, ukufika mochedwa n'kumenya pini 3 m'malo molowa pakati pa 1 (pini yakutsogolo) ndi 3 (ya kumbuyo kwake chakumanja). Leni ndi mafiti 60 kukafika pa pini yoyamba ndipo oyendetsa makina othira oyilo akuti oyilo wawo amafika pa mafiti 42, ndiye malo ouma oti mpira ugwire ndi ochepa. Koma pofika gemu yachitatu oyilo atatha zikusinthanso, ukukhota mwaukali mpaka kuwolokera kumanzere kwa pini 1, mutu waima abale.

Ndayesa kuchepetsa liwiro, ndasuntha mapazi kupita kumanja, ndimaupukuta ndi kansalu ka microfiber ndikangoponya chifukwa umabwera ndi mizere ya oyilo pafupi ndi bowo la chala chachikulu, koma palibe chasintha. Mnzanga wina akuti ndiukwetche ndi Abralon (kasiponji kokwetchera mpira) ya 2000 kuti kunyezimira kuchoke uzigwira msanga, ine mtima ukukana poti ndalama zake sizinali zamasewera.

Ndiye ndiukwetchedi, kapena ndiyambe ndi Abralon ya 4000 yomwe ndi yosalalirako? Kapena pearl sachita bwino pa oyilo wambiri, ndisunge ndalama yogulira mpira wa solid (womwe umagwira msanga pa oyilo kuposa pearl) basi?