Chimbale chachitatu chatupa, bezi yasowa: ndichite bwanji?

Madalitso: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali bandi ina ya magitala yomwe ndakhala ndikuijambula kuyambira chimbale chawo choyamba. Dzina sinditchula, ena muno mukuwadziwa. Zimbale ziwiri zoyamba zinayenda bwino, chachiwiricho chinawabweretsera ma show ndi kandalama ndithu. Tsopano tili pa chachitatu ndipo chandikulira. Nyimbo zilipo 16, zonse pamodzi mphindi 79. Imene akufuna ipite ku wayilesi ili ndi ma track 94, magitala okha 22, ndipo woyimba akuyamba kutsegula pakamwa patadutsa mphindi imodzi ndi masekondi 40. Ndamikisa kanayi. Bezi yasowa, mawu akumira, ndikakweza ichi icho chikubisala. Dzulo wa gitala wabwera ndi ganizo loti tiwonjezere ma violin. Mastering, ntchito yomaliza yosalaza mawu chimbale chisanatuluke, ndi Lachisanu la sabata yamawa kwa a Tiyamike. Kodi ndi makutu anga atopa kapena?

Tiyamike: Makutu anu alibe mlandu achimwene. Magitala onsewo akulimbirana malo amodzi ndi mawu a woyimba, pakatikati paja. Mpando wa minibasi wa anthu atatu mwakhazikapo anthu 22, ndiye mukufunsa EQ, chida chokweza ndi kutsitsa mbali za mawu, kuti iwapezere pokhala? Komanso mphindi 79 zimenezo, CD imathera pa 80. Mwafika pakhoma.

A Kumwenda: Mada, matenda amenewa ali ndi dzina, ndi Be Here Now, chimbale chachitatu cha bandi ya ku Britain ya Oasis. Uwauze anyamatawo nkhani ya Oasis, poti ndi anthu a magitala aimva.

Chimbale chawo choyamba, Definitely Maybe, chinatuluka 1994, chachiwiri, Morning Glory, 1995. Mu August 1996 anakaimba ku Knebworth, ku England, masiku awiri pamaso pa anthu 250,000, ndipo amene anafuna matikiti anaposa 2 miliyoni. Munthu wochoka pamalo otero n'kulowa mu situdiyo, ndani angamuuze kuti gitala iyi ichoke? Palibe. Owen Morris amene ankawajambula sanawaletse, a kampani yawo ya Creation Records sanawaletse. Chimbale chinatuluka pa 21 August 1997, nyimbo 12, mphindi 71. Yoyamba, D'You Know What I Mean?, ndi ya mphindi pafupifupi 8 ndipo imayamba ndi phokoso la ndege. All Around the World imadutsa mphindi 9, kenaka n'kubwereranso kumapeto kwa chimbale ngati sinatikwane. Pa My Big Mouth anasanjikiza magitala pafupifupi 30. Noel Gallagher, wa gitala amene ankalemba nyimbozo, mwini wake anadzavomera pambuyo pake kuti nyimbo zinatalika kwambiri, bezi simamveka, ndipo mu situdiyomo munali mankhwala ozunguza bongo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimene chimandiopsa ine pa nkhaniyi n'choti poyamba aliyense anaombera m'manja. Manyuzipepala anachitamanda, ndipo ku Britain chinagulidwa makope oposa 660,000 m'masiku atatu okha. Kukhumudwa kunabwera mwakachetechete, anthu atafika nacho kunyumba n'kuchimvera kachitatu, kachinayi. Ndiye usadalire kuti anzawo a bandiyo akabwera mu situdiyo n'kumagwedeza mitu ndiye kuti zili bwino.

Yohane: Madala, nkhaniyo ndi yoona, kuno ku Manchester, kwawo kwa Oasis, mpaka lero amakanganabe za chimbale chimenecho. Koma ndikuopa kuti timupatsa Mada mpeni n'kupha chinthu chamoyo. Chaka chomwecho cha 1997 kunatuluka OK Computer ya Radiohead ndi Urban Hymns ya The Verve, zonsezo zimbale zachitatu. London Calling ya The Clash ndi yachitatu, ndipo inali ya ma LP awiri, nyimbo 19. Born to Run ya Bruce Springsteen ndi yachitatu. Nambala 3 ilibe tsoka. Ndipo zina zimene anthu anazinyoza zitangotuluka lero akuzilemekeza. Led Zeppelin III mu 1970 anthu ankayembekezera phokoso, anapeza theka la chimbale lili magitala opanda magetsi, olemba nkhani anadandaula. Humbug ya Arctic Monkeys mu 2009, atapita kuchipululu cha California kukajambula ndi Josh Homme, mafani ambiri anakwinya nkhope. Akanakhala ndi enjiniya wamantha bwenzi atangobwereza chimbale chachiwiri.

A Kumwenda: Wanena bwino Yohane, koma ukusakaniza zinthu ziwiri. Led Zeppelin ndi Arctic Monkeys anasintha njira. Oasis sanasinthe kanthu, anangotenga zomwezija n'kuzithira mowirikiza. Wosintha njira umamusiya ayende ngakhale ukuchita mantha. Wongounjika umamugwira dzanja. Mada ndi amene angatiuze kuti anyamata ake ali mbali iti.

Madalitso: Funso limenelo landigwira. Ndikaganiza bwino, nyimbo zitatu zokha ndi zimene zili ndi kanthu katsopano. Imodzi ndi ija yaitali, ya mphindi 8 ndi theka, anaimanga pa kamayimbidwe ka manganje ndipo imandisangalatsa ngakhale ndaimva kambirimbiri. Zinazo ndi chimbale chachiwiri chovala majekete atatu.

Chikondi: Ine ndilankhuleko za ku wayilesi. Nyimbo yoti mawu akulowa pa 1:40 sindingaiike pa pulogalamu ya m'mawa, ndinene zoona. Ndilankhula pamwamba pa intro yonseyo, kapena ndidula ndekha, ndipo ndikadula ine sindidula mwaulemu ngati mmene mungadulire inu. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa pakadutsa masekondi 30. Munthu wa bandulo ya pafoni sadikira magitala azikonzekera. Ndipatseni ya mphindi zitatu ndi theka, kolasi ifike mphindi isanathe.

Tiyamike: Apo ndiye pali njira ya Nirvana. In Utero, chachitatunso, 1993. Anajambula ndi Steve Albini m'masabata awiri, chinatuluka chaukali, a kampani anachita nacho mantha. Mapeto ake chimbale chinatsala mmene bandi inkafunira, koma Heart-Shaped Box ndi All Apologies anazimikisanso ndi Scott Litt kuti zilowe pa wayilesi. Achimwene, musamenyane nawo pa nyimbo zonse 16. Apangireni radio edit, nyimbo yofupikitsidwa ya ku wayilesi, payokha, ndipo pa chimbale sankhani nkhondo zanu.

Madalitso: Radio edit avomera mosavuta. Vuto ndi magitala aja. Ndinayesa kunena kuti tichotseko, wa gitala anakhala chete tsiku lonse. Iliyonse amaikumbukira usiku umene anaijambula. Komanso ndisabise, amandilipira pa nyimbo. Ndikati tichotse zisanu ndikudula thumba langa lomwe.

A Kumwenda: Hahaha, tsopano wanena chenicheni. Tiyambe ndi magitala. Usamuuze kuti uchotsa. Liwu loti kuchotsa munthu amalimva ngati ukumuzula dzino. Usiku uno panga Save As, sesheni yakaleyo isakhudzidwe. Mu yatsopanoyo ika mute pa magitala onse. Siya ng'oma, bezi ndi mawu, umvere ngati nyimbo ikuima yokha. Ikagwa, vuto ndi nyimboyo, ndipo magitala aja anabwera kudzabisa manyazi. Ikaima, bwezera gitala imodzi kumanzere, imodzi kumanja. Yachitatu ilowe pokhapokha ikunena chimene ziwirizo sizikunena. Udzapeza kuti wafika pa zisanu kapena zisanu ndi imodzi basi.

Ukatero bounce zonse ziwiri, kutanthauza kuti yakale ndi yatsopano iliyonse uitulutse ngati fayilo yomvera, uzitche A ndi B, osawauza kuti iti ndi iti. Ulinganize kukwera kwake bwinobwino, chifukwa khutu limasankha yokwera nthawi zonse ngakhale ili yoipa. Ndipo usawamveretse pa ma monitor, masipika a mu situdiyo aja. Pa ma monitor mokweza chilichonse chimakoma. Atengere panja, pa sipika ya foni, kapena m'galimoto injini ikulira. Asankhe okha.

Tiyamike: Muyesenso mono, kuphatikiza kumanzere ndi kumanja kukhala mawu amodzi, musanawaitane. Magitala ojambulidwa kawirikawiri chimodzimodzi amadyana okhaokha mu mono, m'malo mokula amaonda. Wa gitalayo akamva ndi makutu ake kuti 22 zikumveka zazing'ono kuposa 5, simufunikanso kulankhula.

Yohane: Ma demo, zojambula zoyambirira zongoyesera zija, alipo? Ndikufunsa chifukwa Noel anayamba wajambula nyimbo za Be Here Now pa chilumba cha Mustique mu 1996, iye ndi Owen Morris, ndipo ma demo amenewo anatulutsidwa mu 2016. Ukawamvera umazindikira kuti pansi pa phokoso lija panali nyimbo. Chaka chomwecho anamikisanso D'You Know What I Mean? n'kuipepuza. Zaka 19 kuti munthu afike pa batani la mute.

Chinanso chimene sitinanene: nkhokwe. Chimbale choyamba munthu amachilemba moyo wake wonse, chachiwiri amadya zotsala, chachitatu amalemba ali pa ulendo wa ma show, atatopa. Oasis anali atamwaza kale nyimbo zawo Acquiesce ndi The Masterplan kuseri kwa ma single mu 1995. Zikanasungidwa bwenzi tikukamba nkhani ina. Ndiye Mada, pa 16 zimenezo ufunse kuti ndi ziti zinalembedwa chifukwa zinabwera zokha, ndi ziti zinalembedwa chifukwa situdiyo inali italipiridwa kale.

Chikondi: The Strokes nawonso. Chachiwiri chawo, Room on Fire, nyimbo 11, mphindi 33. Chachitatu, First Impressions of Earth, mu 2006 nyimbo 14, mphindi 52, atasiya wowajambula Gordon Raphael n'kutenga David Kahne. Theka loyamba ndimaliseweretsabe, lachiwirilo ndimaiwala kuti lilipo. Ndipo si a rock okha, ARTPOP, yachitatu ya Lady Gaga, mu 2013 sabata yoyamba ku America inagulidwa 258,000 pamene yachiwiri, Born This Way, inadutsa miliyoni imodzi. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

A Kumwenda: Za ndalama zija. Nyimbo zisanu zotsalazo usazitaye ndipo usanene kuti ndi zoipa. Uwauze kuti zituluke pazokha ngati EP, kachimbale kakang'ono, pakatha miyezi isanu ndi umodzi, nthawi imene chimbale chayamba kuzizira. Iwo apeza chotulutsa chatsopano osalowanso mu situdiyo, iwe ulandira ya mix yako yonse. Mulembe pa pepala lero lomwe, za pakamwa zimauluka. Ndipo ukalankhule ndi woyimba kaye payekha, osati onse pamodzi. Pagulu palibe amene amafuna kuoneka wogonja.

Madalitso: Ndabwerera akuluakulu, pepani ndinasowa masiku atatu, magetsi anatisokoneza Lolemba. Ndinachita monga munanenera. Nyimbo ya wayilesi ija inaima yokha pa ng'oma, bezi ndi mawu. Ndinathera pa magitala 6. Tinakamvera m'galimoto ya wa ng'oma, onse anayi anasankha B, ya magitala 6 ija, ndipo wa gitala ndi amene anayamba kufunsa kuti bezi imeneyi ndaijambulanso liti. Nditamuuza kuti ndi yomwe ija anatuluka kukasuta, anabwerako n'kupempha gitala imodzi ya mu kolasi yomaliza ibwerere. Ndinaibwezera, ndipo anali ndi mfundo, imanyamuladi pamenepo.

Nyimbo ziwiri zinagwa nditachotsa magitala, munalibe kanthu mkati. Iwo eni anaziona, sitikuziikanso ngakhale pa EP, ndiye pamenepo ndaluza ndithu. Chimbale chatsala nyimbo 11, mphindi 49. EP itenga zitatu. Ya manganje ija sindinaikhudze utali wake, a Yohane, ndiyo yotsekera. Ma violin sanandisiye, alowa mu nyimbo imodzi.

Yohane: Imeneyo ndiyo ndikuidikira. Ukanaidula tikanayambana.

Chikondi: Radio edit yafika pa zingati?

Madalitso: 3:41, mawu akulowa pa masekondi 14.

Tiyamike: Zili bwino. Tumizani WAV ya 24-bit, chotsani limiter, chida chopanikiza kukwera kwa mawu, pa master, mundisiyire mpata wa 6 dB wokwezera. Ndipo ndandanda wa nyimbo ubwere wolembedwa, wosainidwa ndi onse anayi, chifukwa ndikudziwa kuti Lachinayi usiku wina aimba foni kufuna kubwezeretsa yake.