Ndithandizeni nzeru: ndizisungira makasitomala wulu kapena ayi? Mpamba ukugona pa shelefu

Membala wosatchula dzina

Moni nonse. A admin ndiloleni, ndikufuna maganizo kwa amene mumagulitsa wulu komanso inu amene mumaluka.

Ndili ndi kashopu kuno ku Mzuzu, chakufupi ndi msika waukulu. Ndimagulitsa wulu, singano zolukira, za koloshe ndi mabatani. Ondigula ambiri ndi amayi oluka mashawelo a makanda, zipewa, masokosi ndi majuzi, kuphatikizapo atsikana a ku Mzuni amene akuluka zikwama ndi matopu n'kumagulitsa pa WhatsApp. Kuyambira Meyi mpaka Julayi, kukamazizira ndi kamvula kowaza kaja, malonda amayenda. Ikafika Sepitembala, zii.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Juzi ya munthu wamkulu imadya mipukutu isanu kapena isanu ndi umodzi ya magalamu 100, koma ndi ochepa amene angakwanitse kugula yonseyo kamodzi. Munthu amatenga iwiri n'kunena kuti "inayo mundisungire, ndibwera mwezi ukatha." Ndikasunga, wina amabwera ndi ndalama m'manja kufuna mtundu womwewo, ine n'kumukaniza, mwini wake uja osaonekanso. Ndikapanda kusunga, amabwera n'kupeza watha, ndipo umene ndaoda kumene, ngakhale dzina la mtundu ndi lomwelo, umasiyana pang'ono. M'shopu sizioneka, koma padzuwa mzere umachita kuonekeratu pamene wayambira watsopano. Mayi wina wachikulire anatsala pang'ono kulira pamaso panga, shawelo ya mdzukulu wake itatuluka yoyera mitundu iwiri. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndimadziwa kutalika kwa ntchito imene ija.

Funso lina: panopa ndimaoda ku Lilongwe. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wooda sukhazikika, ndipo zimachitika kuti ndalama ya katundu amene ndagulitsa siikwana kubwezeretsa katundu yemweyo. Anzanga a zitenje a ku msika wa Taifa akuti ndiyambe kupita ku Tanzania. Kodi pa wulu phindu lilipo?

Woluka wa ku Chibavi

Asisi, ine ndine mmodzi wa osungitsa aja, ndiye ndiyankhula ngati kasitomala. Musasiye kutisungira, chifukwa n'chimene chimatibweretsa kwa inu m'malo mopita kwina. Koma osasunga ulere. Munthu aziperekako kenakake pa mpukutu uliwonse umene wasungitsa, mulembe m'buku dzina, nambala ya foni ndi tsiku lomaliza. Tsikulo likadutsa, wulu ubwerere pa shelefu. Amene akulukadi sangakane zimenezi.

Mayi wa shopu ku Kasungu

Ndikugwirizana ndi a ku Chibavi. Ndiwonjezere za kusiyana kwa mtundu, chifukwa ambiri amaganiza kuti wogulitsa wawapusitsa pamene si choncho. Kufakitale wulu amaunyika mu utoto m'magulumagulu, ndipo gulu lililonse lili ndi nambala yake, imene imalembedwa pa kapepala kozungulira mpukutu kuti lot kapena dye lot. Nambala ya mtundu ikhoza kufanana koma ya lot n'kusiyana, ndiye pamenepo ndi pamene pamachokera mzere uja. Mukamaoda, tengani paketi yosatsegula, chifukwa ya m'paketi imodzi nthawi zambiri imakhala ya lot imodzi. Pa shelefu musasakanize wakale ndi watsopano. Makasitomala muziwauza asamataye kapepalako mpaka atamaliza kuluka.

Zikavuta ndithu kuti lot yatha, pali njira yobisira. Wakale usanatheretu, aziluka mizere iwiri ndi wakale, iwiri ndi watsopano, mosinthanasinthana kwa kanthawi. Diso silionanso pamene pasinthira. Kapena watsopanowo aulukire m'khosi ndi kumapeto kwa manja, kumene kalukidwe kamasintha kale.

Chinanso, wulu woyera ndi wotuwirako musauike pawindo. Dzuwa limausintha ngakhale uli wa lot imodzi. Ndipo ndi chinyontho cha kwanuko, wosunga uzikhala m'mapulasitiki omanga, pamwamba, osati pasimenti.

Wolemba funso

Yewo chomene amama a ku Kasungu. Njira ya mizere iwiri iwiriyo ndiyesa ndekha kaye kuti ndiziwaonetsa ndi chitsanzo m'manja.

Bambo wa geni, Karonga

Za ku Tanzania ndiyankhe ine, ndimadutsa pa boda ya Songwe kawirikawiri ngakhale katundu wanga ndi wina. Mlongo, musangomva zoti kumeneko n'kotchipa. Khalani pansi muwerengere basi yochoka ku Mzuzu kudzera pa Chiweta mpaka ku Karonga, ina yofika pa boda, kusintha kwacha kukhala mashilingi, pogona, ndi msonkho wa MRA pobwera. Ngati mukufika mpaka ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ndiye kuti shopu mwaitseka masiku angapo. Komanso wulu ndi wopepuka koma umadya malo, ndipo a mabasi amayang'ana kukula kwa chikwama. Ndi mpamba wochepa phindu lonse lithera panjira. Ndi bwino musonkhane atatu kapena anayi, mmodzi apite, kapena mutumize mnzanu wa zitenje amene mumamukhulupirira, mumupatse timaulusi ta chitsanzo ndi mapepala ake.

Mtsikana wa koloshe, Luwinga

Aunt, ife a koloshe sitidikira kuzizira ayi. Mu Okutobala ndi pamene timaluka matopu, zikwama ndi zipewa za dzuwa, koma timasowa ulusi wa thonje ndi wa macrame, wokhuthala ngati kachingwe uja, chifukwa wa acrylic umatentha pathupi. Timachita kuitanitsa kutali. Mutakhala nawo ngakhale mitundu yochepa, miyezi imene mukuti ya zii ija tizibwera ndife. Zokolowera zing'onozing'ono za 2.5mm ndi 3mm zimasowanso.

Agogo oluka, Katoto

Mwana wanga, ndakalamba ndi singano m'manja. Chimene ndimaona m'mashopu ambiri n'chakuti mumafuna kukhala ndi mtundu uliwonse, mipukutu iwiri iwiri. Shelefu imakongola, koma palibe mtundu umene ungamalize juzi. Ana amabadwa chaka chonse, ndiye woyera, wa kirimu, wa pinki ndi wabuluu wowala wa 4 ply, wa ulusi waung'ono uja, usamathe. Wa double knitting, wokhuthalako uja, sungani wakuda, wotuwa, wa maroon, wa navy ndi wobiriwira woderako, poti ndi imene imalowa m'majuzi a sukulu. Imeneyo muzikhala nayo yambiri ya lot imodzi. Mitundu yachilendoyo muziitanitsa munthu akalipiriratu.

Ndipo muzimufunsa munthu chimene akuluka asanagule. Ambiri sadziwa kuti afunika wochuluka bwanji. Mukamuuza poyamba kuti shawelo iyi idya mipukutu inayi, amakonzeka.

Membala wina, Mchengautuwa

Ine ndikutsutsako pang'ono za kulipiritsa kosungira. Amayi ena amalukira kuti apeze ya ndiwo, ndalama amaipeza akagulitsa chimene aluka. Mukawaumiriza onse mofanana muwataya, abwerere kokamasula majuzi a kaunjika. Amene mwayenda nawo nthawi yaitali muziwasungira ndithu, ngakhale sabata ziwiri.

Wolemba funso

Ndamva nonse, Mulungu akudalitseni. Buku la osungitsa ndiyamba nalo mwezi uno, ndipo amayi anga akale aja sindiwalipiritsa, ndingowapatsa tsiku. Ulendo wa ku Tanzania ndaimika kaye. Ngati alipo wina wa wulu kuno ku Mzuzu, ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay amene angafune kuti tiziodera limodzi, andipeze ku inbox kudzera kwa a admin. Inu a ku Luwinga, ulusi wa thonjewo mumagwiritsa ntchito kwambiri mitundu iti? Ndiuzeni ndisanaode.