Magazi okhalitsa mufiriji ndi nkhani ya okosijeni, ndithandizeni

Akuluakulu a ku labu ndi anamwino muli muno ndithandizeniko, mayeso ayandikira koma mutu uwu wandizunguza. Tinaphunzira kuti maselo ofiira atha kusungidwa mufiriji mpaka masiku 42, koma 2,3-DPG (kanthu ka m'maselomo kothandiza kuti okosijeni ituluke kupita m'minofu) imakhala itatsikiratu pakangotha milungu iwiri, ndiye hemoglobin, yomwe imanyamula okosijeni m'magazi, imakakamira okosijeniyo osafuna kuyisiya m'minofu. Chabwino. Koma akutinso munthu akaikidwa magaziwo DPG ija imabwerera yokha m'masiku awiri kapena atatu, nanga zowatsitsimutsa maselowo asanaikidwe mwa munthu ndi mankhwala a pyruvate, inosine, phosphate ndi adenine kenako nkuwatsuka, phindu lake lili pati? Kapena nza wodwala amene wataya magazi ambiri, woti sangadikire masiku amenewo? Amene mukuzidziwa ndifotokozereni chonde, ine mutu waima basi.