Ndiwaikire sewero liti loseketsa bambo anga?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Bambo anga anachitidwa opaleshoni ya bondo, ndiye akungokhala pampando tsiku lonse, ndipo chimene chikuwachotsako maganizo ndi masewero oseketsa a pa TV.

Mr. Bean tamumaliza kawiri konse. Inetu ndinkayesa kuti magawo ake ndi ambirimbiri, osadziwa kuti Rowan Atkinson anangopanga 15 basi, kuyambira 1990 mpaka 1995. Bambo amamukonda chifukwa sayankhulayankhula, nkhope yokhayo imakwanira.

Ndinawayesa Friends, poti anthu amaitama komanso ili ndi magawo 236, ndimati itifikitsa patali. Sizinayende. Chingerezi cha ku New York chija n'chothamanga, anthu a mu TV akamaseka iwo amanditembenukira n'kufunsa kuti, “Akusekanji?” Kuwonjezera apo nkhani zake n'zazibwenzi zokhazokha. Ine kukhala pambali pa bambo anga ena akupsompsonana, ndinangodzuka ngati ndikukaona madzi pamoto.

Fawlty Towers ndiye inawagwira mtima. Pamene John Cleese akukwapula galimoto yake ndi nthambi ya mtengo chifukwa yakana kulira, anaseka mpaka kutsokomola, amayi kuthamanga kuchokera kukhitchini. Koma nayonso ndi magawo 12 okha, tatsala ndi atatu.

Ndiye ndikufuna sewero loseketsa ndi zochita osati mawu okha, loti munthu n'kuonera ndi kholo lako osagwetsa nkhope. Likhale lakale kapena latsopano zilibe kanthu. Ena andiuza za Mind Your Language. Amene munaionera, kodi munthu wa zaka 71 yemwe Chingerezi amachimva pang'onopang'ono angaitsatire?