Mafunso atatu a homuweki: phindu la mpunga, kulemera kwa chambo ndi liwiro la galimoto

Wa Fomu 4 ku Chipoka:

Akuluakulu, ndithandizeni. Aphunzitsi atipatsa mafunso atatu okonzekera MSCE, koma mayankho anga akusiyana ndi a anzanga.

Loyamba: wamalonda wagula matumba 40 a mpunga wa faya ku Nkhotakota pa K50,000 thumba limodzi, ndipo walipira K120,000 ya transipoti kufika ku Salima. Wagulitsa matumba 35 pa K62,000, ndipo 5 otsalawo, omwe ananyowa, wagulitsa pa K45,000. Pezani peresenti ya phindu komanso mtengo wa avereji womwe wagulitsira thumba limodzi. Ine ndapeza 19.75% ndi K53,500. Mnzanga wapeza 11.5%.

Lachiwiri: asodzi ayeza chambo 30 pa sikelo. Za magalamu 200–299 zilipo 4, za 300–399 zilipo 9, za 400–499 zilipo 12, za 500–599 zilipo 5. Pezani mean (avereji) ndi median (kulemera komwe kuli pakati penipeni mukandandalika nsombazo kuyambira yopepuka mpaka yolemera). Mean ndapeza 360, median sindikudziwa poyambira.

Lachitatu: galimoto yayenda makilomita 120 pa msewu wa M5 pa liwiro la 60 km/h, pobwerera yayenda pa 40 km/h. Liwiro la avereji ndapeza 50 km/h, koma akuti ndalakwa. Zikomo.

Mphunzitsi wa Masamu, Salima Boma:

Mwanawe, funso loyamba ndi lachitatu wagwera m'dzenje limodzi: ukuwonkhetsa nambala ziwiri n'kugawa ndi 2, ngati kuti zonse zili ndi mphamvu yofanana.

Tiyambe ndi mpunga. Ndalama zomwe zalowa: 35 × 62,000 = K2,170,000, ndipo 5 × 45,000 = K225,000. Zonse pamodzi ndi K2,395,000. Gawa ndi matumba 40, upeza K59,875 pa thumba. K53,500 yakoyo ikanakhala yoona akanagulitsa matumba 20 pa mtengo uwu ndi 20 pa mtengo winawo. Koma matumba 35 ndi ambiri, choncho avereji iyenera kutsamira ku 62,000. Ukaona yankho lako lakhala pakatikati penipeni pomwe mbali imodzi ndi yochuluka chonchi, dziwa kuti penapake pavuta.

Pa phindu unaiwala transipoti. Mpunga sunadziyendere wokha kuchoka ku Nkhotakota. Zomwe wawononga ndi 2,000,000 + 120,000 = K2,120,000. Phindu ndi 2,395,000 − 2,120,000 = K275,000. Peresenti: 275,000 ÷ 2,120,000 × 100 = 12.97, ndiye 13.0% ukasiya nambala imodzi patsogolo pa kadontho.

Galimoto ija: liwiro la avereji ndi mtunda wonse kugawa ndi nthawi yonse, basi. Popita 120 ÷ 60 = maola 2. Pobwerera 120 ÷ 40 = maola 3. Mtunda wonse 240, nthawi yonse maola 5, yankho 48 km/h. Yatsika kuchoka pa 50 chifukwa galimotoyo yatha nthawi yaitali ikuyenda pang'onopang'ono. Lemba sitepe iliyonse ndi mayunitsi ake, usamangoponya yankho lochokera pa kalikuleta, chifukwa ochonga amayang'ananso njira.

Wowerengera Ndalama wa ku Linga:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndimuyankhulireko mnzanu wa 11.5% uja, chifukwa sanaponye kutchire. Phindu la K275,000 analipeza molondola, transipotinso anaiwerengera, kungoti anagawa ndi ndalama zogulitsira: 275,000 ÷ 2,395,000 × 100 = 11.48%. Imeneyo pa nkhani za bizinesi ndi maakaunti imatchedwa margin. Ya aphunzitsiyo, yogawa ndi mtengo wogulira, ndi mark-up. Zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito, koma zimayankha mafunso osiyana. Mark-up imati pa K100 iliyonse yomwe ndatulutsa m'thumba ndapindula zingati? Margin imati pa K100 iliyonse yomwe kasitomala wandipatsa, zanga zenizeni ndi zingati?

Pa pepala la masamu, funso likangoti peresenti ya phindu osatchula china, gawani ndi mtengo wogulira. Likatchula kuti phindu liyerekezedwe ndi zogulitsa, m'pamene mugawe ndi 2,395,000. Njira yodziyesera nayi: chepetsani 275 pa 2,120 mupeza 55 pa 424. Wonkhetsani 55 ndi 424 mupeza 479, ndiye margin ndi 55 pa 479. Phindu likakhalapo, margin imakhala yocheperapo kuposa mark-up nthawi zonse. Mukapeza margin yaikulu kuposa mark-up, mwasinthanitsa nambala.

Za transipotizi, m'mabuku a maakaunti ndalama yonyamulira katundu wogula kubwera naye pamalo a malonda imaphatikizidwa ku mtengo wa katunduyo. Ambiri ogulitsa mpunga ndi usipa amaluza pomwepa: amawerenga mtengo wa kunyanja kapena wa kumunda wokha, kenako n'kumadabwa kuti mpamba ukuchepa pomwe malonda akuyenda.

Wa Statistics ku Senga Bay:

Lachiwirilo palibe walikhudza, ndiye ndilitenge ine. Mwapeza 360 chifukwa munachulukitsa ndi nambala zoyambirira za magulu: 200, 300, 400, 500. Kutero n'kunena kuti nsomba iliyonse m'gulumo ndi yopepukitsitsa, zomwe sizingatheke. Gwiritsani ntchito midpoint: 200 kuwonkhetsa 299, kugawa ndi 2, ndi 249.5. Enawo ndi 349.5, 449.5 ndi 549.5.

Tsopano chulukitsani iliyonse ndi kuchuluka kwa nsomba zake: 998, 3,145.5, 5,394 ndi 2,747.5. Zonse ndi 12,285. Gawani ndi 30, osati ndi 4. Magulu ndi 4, koma nsomba ndi 30, ndipo tikufuna kulemera kwa nsomba. Mean ndi magalamu 409.5.

Njira yachidule yopewera ma .5 onsewa: tengani 449.5 ngati mean yongoganizira. Magulu akusiyana nayo ndi −200, −100, 0 ndi +100. Kuchulukitsa ndi 4, 9, 12 ndi 5 kukupatsa −800, −900, 0 ndi +500, pamodzi −1,200. Gawani ndi 30, ndi −40. Ndiye 449.5 − 40 = 409.5, yomweyo.

Median imafuna kuwonkhetsa motsetsereka: 4, 13, 25, 30. Theka la 30 ndi 15, ndipo 15 wapitirira 13 koma sanafike 25, choncho ali m'gulu la 400–499. Malire enieni a m'munsi a gululi ndi 399.5, pakati pa 399 ndi 400. Kuchoka pa 13 kufika pa 15 patsala nsomba 2 mwa 12 za m'gulumo, ndipo gululo ndi lotambalala magalamu 100: 2 ÷ 12 × 100 = 16.7. Median ndi 399.5 + 16.7 = 416.2.

Wa Fomu 4 ku Chipoka:

Zikomo kwambiri nonse, ndabwerezanso ndipo zatuluka. Koma pa girafu ya ogive (ya nambala zowonkhetsa motsetsereka zija) median ikundipatsa pafupifupi 366. Ndalakwa pati?

Wa Statistics ku Senga Bay:

Mwaika madontho pa midpoint, n'chifukwa chake yankho latsika ndi 50. Pa ogive, 4, 13, 25 ndi 30 amaikidwa pa malire a m'mwamba: 299.5, 399.5, 499.5 ndi 599.5, popeza nsomba zonse za gulu zimakwana mukafika kumapeto kwake. Yambirani mzere pa 199.5 pomwe pali ziro. Jambulaninso, kokani mzere kuchokera pa 15, mutsikira pafupi ndi 416.