Kuchoka pa makilomita 21 kupita pa marathoni yathunthu

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndamaliza kawiri mpikisano wothamanga wa makilomita 21, ndipo tsopano ndikulakalaka wa makilomita 42.195, umene ndi marathoni yathunthu. Kodi ndingowirikiza kawiri kukonzekera kumene ndinkachita?

Mkulu wa ku Ndirande: Ayi ndithu, achimwene. Ine ndinafika pa kilomita 30 ndili bwinobwino, kenaka miyendo inangouma gwa, chifukwa shuga amene thupi limasunga m'minofu anali atatha. Ndinamaliza ndikuyenda chotsimphina, chala chachikulu chikutuluka magazi m'nsapato yatsopano imene ndinagula dzulo lake, ndipo ndimadziimbabe mlandu.

Mayi wa ku Durban: Muziwonjezera mtunda pang'onopang'ono kwa miyezi inayi, koma masabata awiri omaliza muchepetse. Pa tsikulo musathamangire kutsogolo ngakhale anzanu akupitirireni, ndipo muzidya nthochi musanamve njala.